Mumaseka Chichewa chake? Nazi zinthu 20 za Chiwetel Ejiofor zoti zikutsekeni pakamwa

Pa Chipoka aliyense ndi katswiri wounika mafilimu. Lowani m'vidiyo sho madzulo, tsiku loti mwera waletsa asodzi kulowa m'nyanja, mumve chiweruzo chikugwa filimu isanafike n'pakati pomwe: uyu ndiye sitaringi, uyo afa posachedwa, winayo ndi kazitape, taonani maso akewo. Ndiye lero tikupatsani munthu woti mumuzenge mlandu. Dzina lake ndi Chiwetel Ejiofor. Mukuti simukumudziwa? Mukumudziwa bwinobwino. Ndi mkulu uja anakhala bambo ake a William Kamkwamba mu The Boy Who Harnessed the Wind, uja Chichewa chake chinakusekesani mpaka nthiti kuwawa. Akadaulo ounika mafilimu a ku London ndi ku New York akhala akukangana za iyeyu kuyambira m'ma 1990. Werengani, mukawadabwitse anzanu ku doko.

1. Kwawo n'kuti? Taganizani kaye. Ku Nigeria? Mwayandikira, koma mwaphonya. Anabadwa pa 10 Julayi 1977 ku Forest Gate, kum'mawa kwa mzinda wa London, ndipo anaphunzira pa Dulwich College. Makolo ake ndiwo a ku Nigeria, a mtundu wa Igbo: bambo dokotala, mayi katswiri wa zamankhwala. Ngati mumaonera CNN, mlongo wake mumamudziwa kale. Zain Asher, wowerenga nkhani uja, ndi wa bere limodzi ndi iyeyu.

2. Muyang'anitsitseni pamphumi. Zipsera zimenezo si zopaka. Mu 1988, ali ndi zaka 11, banja lawo linapita ku ukwati ku Nigeria, ndipo galimoto imene anakwera ndi bambo ake inawombana ndi lole. Bambowo anamwalira, mwana n'kupulumuka atavulala kwambiri. Patapita zaka zambiri, a Disney pofuna mawu a Scar, mkango wankhanza wa chipsera padiso mu The Lion King ya 2019, anatenga iyeyu. Ounika mafilimu ambiri anakwinya nkhope. Ankati Jeremy Irons, amene analankhula m'malo mwa mkangowo mu 1994, anali ndi chipongwe chokoma kumva, pomwe Scar watsopanoyu anali ukali wokhawokha, nyimbo yake n'kuifupikitsanso mpaka kusanduka yongolankhula. Ena ankati nyama za pakompyutazo zinalibe nkhope yolira kapena yoseka. Anthu ogula matikiti anamvera zimenezo? Olo pang'ono. Filimuyo inakolola madola oposa 1.6 biliyoni.

3. Sukulu ya zisudzo sanaimalize. Anali atangoyamba kumene maphunziro pa LAMDA ku London pomwe Steven Spielberg, mwini wa Jurassic Park, anamuitana. Filimu yake inali Amistad ya 1997, nkhani yoona ya Aafirika amene analanda sitima yowatengera ku ukapolo mu 1839. Mnyamata wa zaka 19 anapatsidwa mbali ya James Covey, womasulira Chimende kupita m'Chingerezi m'khoti. Inde, ntchito yake yoyamba ku Hollywood inali yomweyi amagwira ma DJ athu omasulira mafilimu, kungoti iye sankawonjezerapo nthabwala zake.

4. Mu Amistad muja, loya amene Ejiofor ankamumasulira anali Matthew McConaughey. Sungani dzinali. Pa 2 Malichi 2014, usiku wa mphoto za Oscar, Ejiofor anali pa mndandanda wa amuna asanu opikisana pa mphoto ya wochita bwino koposa, chifukwa cha 12 Years a Slave. Envelopu itatsegulidwa, dzina linatuluka la ndani? La loya uja, chifukwa cha Dallas Buyers Club. Komatu masabata awiri m'mbuyomo, pa mphoto za BAFTA ku London, Ejiofor ndiye anapambana. Kumeneko McConaughey sanali n'komwe pa mndandanda.

5. Filimu imene ounika ambiri amati inamutsegulira makomo imayamba ndi chimbudzi chotsekeka. Mu Dirty Pretty Things ya 2002, imene anatsogolera Stephen Frears, Ejiofor ndi Okwe, dokotala wa ku Nigeria wokhala ku London wopanda mapepala. Masana amayendetsa takisi, usiku amalandira alendo pa hotela, tulo ayi. Tsiku lina akuchotsa chimene chatseka chimbudzi cha m'chipinda china, akupeza mtima wa munthu. Kumbuyo kwake kuli malonda ogula impso za anthu osauka powalonjeza pasipoti. Mbale wanu ali ku Joni wopanda mapepala akaionera, sadzafuna womumasulira. Ejiofor analandira nayo mphoto ya British Independent Film Awards. Mwana wa dokotala wa ku Nigeria anatchuka posewera dokotala wa ku Nigeria.

6. Chaka cha 2005 chokha anasintha khungu katatu. Mu Serenity anali wakupha waulemu, wopanda dzina, woyenda ndi lupanga m'nthawi ya zombo za m'mlengalenga, wolankhula mofatsa kwinaku akukubaya. Mu Four Brothers anali bwana wa zigawenga wa ku Detroit. Yachitatuyo? Gwirani mpando. Mu Kinky Boots anali Lola, mwamuna woyimba m'makalabu a usiku atavala diresi, wigi ndi nsapato zazitali za gogoda, amene akupulumutsa fakitale ya nsapato ya ku Northampton imene inali pafupi kutsekedwa. Nyimbo zake ankayimba yekha. Ounika ambiri anati nkhaniyo ndi yopepuka, yodziwikiratu kothera, koma Lola yekha anawagonjetsa. Filimu yopepukayo anadzaisandutsa sewero la nyimbo ku Broadway, ndipo mu 2013 linatenga mphoto ya Tony.

7. Tibwerere kwa bwana wa zigawenga uja, chifukwa imfa yake ikukhudzani inu a kunyanja. Victor Sweet wa mu Four Brothers ndi munthu woti amakakamiza wantchito wake kudya chakudya pansi, anzake akuona. Mapeto ake akumenyana zibakera ndi Mark Wahlberg pamwamba pa nyanja. Osati m'boti, osati pa jeti: pamwamba pa madzi enieniwo, ataundana ndi kuzizira mpaka anthu kuimikapo magalimoto. Atagwa, anyamata ake omwe akumuponya m'dzenje lobowola pa madzi oundanawo. Kafotokozereni agogo amene akhala akupalasa bwato pa Chipoka moyo wawo wonse, muone ngati sakutchani wabodza.

8. Mphoto za Golden Globe zamuitana kasanu. Mu 2007 anali pa mindandanda iwiri usiku umodzi, chifukwa cha Kinky Boots ndi Tsunami: The Aftermath. Kenako Endgame. Mu 2014 mindandanda iwirinso, 12 Years a Slave ndi Dancing on the Edge. Pa maulendo asanuwo wabwerako ndi zingati? Werengani zala za nsomba.

9. Koma pa siteji ndi nkhani ina. Mu 2007 anasewera Othello wa Shakespeare pa Donmar Warehouse ku London, Ewan McGregor ali Iago. Chaka chotsatira analandira mphoto ya Olivier, yaikulu koposa pa zisudzo za ku Britain. Amene anawagwetsa? Mwa ena, Ian McKellen ndi Patrick Stewart. Mayinawa akapanda kukuuzani kanthu, kumbukani mafilimu a X-Men: Magneto ndi Professor X. Onse awiri, usiku umodzi, popanda mphamvu zamatsenga. Ichi n'chifukwa chake ounika ena a ku Britain amaumirira kuti Ejiofor weniweni ali pa siteji, ndipo Hollywood imangomubwereka.

10. Hollywood yomweyo kwa zaka zambiri inkamuimika pambali pa sitaringi. Mu Inside Man ya 2006 ndi wapolisi mnzake wa Denzel Washington. Chaka chotsatira, mu American Gangster, ndi mchimwene wake wa Denzel yemweyo, ulendo uno akugulitsa mankhwala ozunguza bongo. Mu Salt ya 2010 akuthamangitsa Angelina Jolie. Mu Love Actually ya 2003 ndiye zinafika pomvetsa chisoni: ndi mkwati wa Keira Knightley, ali phee pa sofa kuonera TV, pomwe mnzake wapamtima ali pakhomo kuulula chikondi kwa mkazi wake pogwiritsa ntchito zikwangwani zolembalemba. Masiku ano ambiri amati mnzakeyo sanali wachikondi koma wosowa khalidwe. Ejiofor anadikira zaka 22. Mu Bridget Jones: Mad About the Boy ya 2025, ali mphunzitsi wa sayansi, mkazi anatenga ndi iye.

11. Pakati pa mafilimu ake otchuka, imene ounika anaiseka kwambiri mwina ndi imene inu mwaionera kangapo. 2012 ya Roland Emmerich, yotuluka mu 2009: nthaka kung'ambika, mizinda kumira, ndege kuuluka pakati pa nyumba zikugwa. Ejiofor ndi katswiri wa sayansi amene akuchenjeza boma la America, ndipo ndi yekhayo m'filimu yonse wooneka kuti akukhulupirira zimene akulankhula. Ounika anati ndi phokoso la maola awiri ndi theka lopanda mutu. Phokosolo linabweretsa madola oposa 750 miliyoni. Ndipo mukukumbukira kumene zombo za opulumuka zikulowera kumapeto? Ku Africa, kontinenti imene madzi sanaimize. Anthu olemera a dziko lonse pa mzere, kubwera kuno opanda viza.

12. Tsopano ikuluikulu ija. 12 Years a Slave ya 2013, yotsogoleredwa ndi Steve McQueen, ndi nkhani yoona ya Solomon Northup, munthu wakuda wa ufulu wake wa ku New York, woyimba vayolini, amene anabedwa mu 1841 n'kugulitsidwa ku minda ya ku Louisiana mpaka 1853. Ejiofor anachita kuphunzira vayolini. Koma chimene ounika amachitchula mpaka lero chilibe nyimbo, chilibe mawu. Northup wamangidwa chingwe m'khosi pa mtengo, zala za kumapazi zikungokhudza matope, akunyang'ama kuti asafe. Kamera siyikusuntha. Kumbuyo kwake akapolo anzake akutuluka m'nyumba, akugwira ntchito zawo, ana akusewera. Mphindi zikupita. Apa m'pamene mumaona chimene munthuyu ali nacho: maso. Ochita zisudzo ambiri amafuna mawu ochuluka kuti muwaone. Uyu mukamulanda mawu ndiye amakula. Ife a m'mbali mwa nyanja ino nkhaniyi si yachilendo. M'zaka zomwezo za m'ma 1840, Jumbe anali kukhazikika ku Nkhotakota, kumpoto kwathuku, kumene anthu ankawolotsedwa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. Ndipo nachi choti mukanene ku bawo: mu Malichi 1841, khoti lalikulu ku Washington linamasula Aafirika a mu Amistad aja. Mwezi wotsatira, mumzinda womwewo, Northup anabedwa. Ejiofor wasewera nkhani zonse ziwiri.

13. Musaganize kuti onse anaombera m'manja. Armond White, wounika mafilimu wa ku New York, yemwenso ndi wakuda, anaiika filimuyo m'gulu la mafilimu oopsa ongoonetsa kuzunza anthu, monga Saw ndi Hostel. Mu Januwale 2014 bungwe la ounika mafilimu a ku New York linamuchotsa, pomuimba mlandu wokuwiza McQueen pa mwambo wopereka mphoto, ngakhale mwiniwake anakana. Ku Italy kunachitika china. Zikwangwani zotsatsira filimuyo zinatuluka ndi chinkhope chachikulu cha Brad Pitt, china cha Michael Fassbender, Ejiofor ali kakang'ono pakona akuthamanga. Brad Pitt m'filimumo amaoneka mphindi zowerengeka chabe. Kampani yogawa filimuyo inapepesa n'kuzichotsa. Filimu ya Oscar yonena za munthu wakuda wolandidwa dzina, otsatsa n'kumulandanso chikwangwani.

14. Kwawo kwa makolo ake nako sizinayende myaa. Half of a Yellow Sun ya 2013, yochokera m'buku la Chimamanda Ngozi Adichie, inajambulidwa ku Calabar ndipo ikunena za nkhondo ya Biafra ya 1967 mpaka 1970, imene inapweteka kwambiri anthu a mtundu wake. Iye ndi Odenigbo, mphunzitsi wa pa yunivesite wokonda mtsutso ndi botolo. Ounika anati buku lalikulu alipanikiza m'maola awiri mpaka kutsala mafupa. Bungwe la boma la Nigeria loona za mafilimu linaichedwetsa miyezi ingapo mu 2014, moti a ku London anaionera a ku Lagos asanaione. Wokondedwa wake m'filimumo ndi Thandiwe Newton, amene mayi ake ndi a ku Zimbabwe. Mukumukumbukira? Ndi mwana wa pulezidenti uja anakwera naye chombo mu filimu ija ya 2012.

15. Tawerengani anthu amene munthu mmodziyu wakhalapo. Thabo Mbeki, mu Endgame ya 2009, pa zokambirana zachinsinsi zothetsa tsankho ku South Africa. Patrice Lumumba, pa siteji ya Young Vic ku London mu 2013. Mtumwi Petro, mu Mary Magdalene ya 2018, Yesu wake ali Joaquin Phoenix, yemwe chaka chotsatira anakhala Joker. Ndipo mu 2018 momwemo, mu Come Sunday, anali Bishopu Carlton Pearson wa ku Tulsa, mlaliki weniweni amene ataona pa TV mavuto a anthu a ku Rwanda anayamba kulalikira kuti kulibe ng'anjo ya moto yodikira anthu akafa. Mpingo unamuthawa, abusa anzake n'kumutcha wampatuko mu 2004. Chaka chimodzi, Ejiofor anagwira makiyi a kumwamba n'kutseka gehena.

16. Mu The Martian ya 2015, ija Matt Damon anatsala yekha pa Mars n'kumalima mbatata ya kachewere ndi manyowa a kuchimbudzi, Ejiofor ndi mkulu wa ku NASA dzina lake Vincent Kapoor. Kapoor? Eya. M'buku munthuyo ndi Mmwenye, Venkat Kapoor. Mbaliyo anayamba apatsa Irrfan Khan wa ku India, koma anali wotanganidwa ndi filimu ina. Bungwe lina loyankhulira anthu ochokera ku Asia ku America linadandaula poyera. Chaka chotsatira zinatembenuka: mu Doctor Strange anakhala Mordo, amene m'mabuku a zithunzi a Marvel ndi mzungu wa ku Transylvania. The Martian yomweyo, nkhani ya munthu wotsala pang'ono kufa ndi njala, inapambana Golden Globe m'gulu la mafilimu oseketsa. Ounika mpaka lero sakumvetsa.

17. Nayenso amaponda pa minga. Secret in Their Eyes ya 2015 inali ndi Julia Roberts, Nicole Kidman ndi iye, anthu atatu oti dzina lililonse limadzaza holo. Ounika anangofunsa funso limodzi: munaibwerezeranji, poti yoyamba ya ku Argentina inali itatenga kale Oscar? Infinite ya 2021 ndiye inagwa chagada. Anakumananso ndi Mark Wahlberg, iye ali mdani wobadwanso mobwerezabwereza amene watopa ndi moyo ndipo akufuna kupha dziko lonse kuti apume. Inalowa pa mndandanda wa Razzie, mphoto zachipongwe zopereka kwa mafilimu oipitsitsa a chaka. Dzina la Wahlberg linalipo pa ochita moipa. La Ejiofor munalibe. Ndi mmene zimakhalira naye kawirikawiri: nyumba ikapsa, ounika amatuluka atanyamula iye yekha.

18. Tafika kwathu. Buku la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer linatuluka mu 2009. Filimu inafika pa Netflix pa 1 Malichi 2019. Ejiofor analemba yekha sewerolo, analitsogolera yekha, kanali koyamba kutsogolera filimu yaitali, n'kudzipatsanso mbali ya bambo Trywell Kamkwamba. Akanatha kukajambulira ku South Africa, kumene zida ndi akatswiri zili mbwee, monga anachitira a Hotel Rwanda. Iye anabwera ku Kasungu, ku Wimbe komweko, mu 2017. Koma taonani banja limene anasonkhanitsa. William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya. Mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Dakar, wokulira ku France. Woyang'anira laibulale ndi Noma Dumezweni, wobadwira ku Swaziland, amene ku London anatchuka ngati Hermione wa mu sewero la Harry Potter. Mlongo wake wa William yekha ndiye wathu, woyimba Lily Banda. Nanga mfumu ija inamenyedwa chifukwa cholankhula za njala pa msonkhano wa pulezidenti? Yang'aninso. Ndi Joseph Marcell wa ku Saint Lucia, Geoffrey uja ankaperekera tiyi kwa Will Smith mu The Fresh Prince of Bel-Air.

19. Apa ndiye pali mlandu weniweni, ndipo oweruza anagawanika malinga ndi makutu awo. Akunja anamva Chichewa n'kuchita chidwi. Anayamikira zithunzi za Dick Pope, fumbi lofiira, mitu ya zigawo yolembedwa m'chinenero chathu monga Kufesa, Kukolola, Njala ndi Mphepo, komanso gule wamkulu, amene kwa iwo anali chozizwitsa, pomwe ife tikangotsika ndi msewu wa M5 kukafika ku Mua timakapeza zigoba zake zodzaza Chamare Museum. Ku Sundance filimuyo inalandira mphoto ya Alfred P. Sloan, yopereka kwa mafilimu okhudza sayansi. Odandaula akunja ankangoti nkhani ikuyenda pang'onopang'ono, makina amphepo akuchedwa kufika. Kuno kwathu madandaulo anali ena. Mawu anali a Chichewa, koma kakwezedwe ndi katsitsidwe kake kanali ka kwina, ndipo ambirife tinkathamangira kuwerenga Chingerezi cha pansi chija kuti timve chinenero chathu chomwe. Akangolankhula Lily Banda kapena Mmalawi wina, khutu linkapuma. Funso la anthu linali lomveka: dziko la Du Chisiza Jr, la Izeki ndi Jakobo, la Joyce Mhango Chavula amene filimu yake Lilongwe inapambana mphoto ya Africa Magic ku Lagos mu 2016, lingasowe munthu wokhala mayi ake a William? Ine ndili mbali ya odandaulawo pa mfundo imeneyi. Koma ndikuwonjezera ichi: njira yapafupi inalipo, yolankhulitsa mudzi wonse wa Wimbe Chingerezi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo palibe wa ku Netflix akanadandaula. Munthuyu anasankha kuchita manyazi m'Chichewa. Palinso china chimene a ku Kasungu angakuuzeni. M'filimu makina aja akupopa madzi n'kupulumutsa mudzi ku njala. Zoona zake n'zakuti makina oyamba, amene William anamanga ali ndi zaka 14 ndi mitengo ya bulugama, fani ya thalakitala, mapaipi ndi dayinamo ya njinga, ankayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba mwawo. Zopopa madzi zinabwera pambuyo, atakalankhula kale pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007. Ndipo mbali ya bambo ikuoneka kuti Ejiofor saisiya: mu Rob Peace ya 2024, filimu yachiwiri imene anatsogolera, mnyamata ndi wanzeru pa sayansi, ndipo bambo ake ndi yemweyo anataya bambo ake ali ndi zaka 11.

20. Yomaliza, ndipo iyi mukabetcherane nayo Fanta. Pa Oscar pali mphoto ya filimu ya chinenero chosakhala Chingerezi, dziko lililonse limatumiza imodzi. Funsani anzanu: ndi dziko liti linatumiza filimu ya Chichewa mu 2019? Adzati Malawi. Ayi. Zambia? Ayi. Ndi Britain, kwa eni Chingerezi, ndipo filimu yake ndi yomweyi ya Kamkwamba. Chaka chomwecho Nigeria inatumiza koyamba filimu yake, Lionheart ya Genevieve Nnaji, ndipo eni Oscar anaibweza chifukwa munachuluka Chingerezi, Chiigbo chili cha mphindi zochepa. Mwana wa Aigbo anadutsa pa chipata ndi Chichewa chopindika, filimu ya Aigbo eniake n'kutsala panja. Malawi anali atatumiza kale yake chaka cha 2018, The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, mkulu amene ntchito yake ina ndi yoyeza malo, yemwenso anatipatsa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat. Ya Joyah sinafike pa mndandanda womaliza. Ulendo umenewo inapambana Roma ya ku Mexico. Ya Ejiofor nayo sinafike. Inapambana Parasite ya ku South Korea. Chigamulo changa pa mkuluyu: Chichewa 3 pa 10, maso 10 pa 10. Amene akutsutsa akaionerenso filimuyo, afike pamene bambo Trywell akukaniza mwana wawo njinga, ndiye tidzakambirane.